Zaka 45 za a Anson Dorrance ku North Carolina: luso la mphunzitsi kapena mwayi wa woyamba?

Mbewe: Abale ndi alongo, ndikufuna tikambirane za munthu amene dzina lake silimveka kawirikawiri kwathu kuno, ngakhale kuti osewera ndi aphunzitsi ambiri a mpira wamiyendo wa amayi amene timawaonera pa kanema anadutsa m'manja mwake. Ndikunena a Anson Dorrance, amene anaphunzitsa timu ya atsikana ya University of North Carolina mumzinda wa Chapel Hill ku America kuyambira 1979 mpaka pamene anapuma pa ntchito mu Ogasiti 2024. Pa nthawi yonseyi timu yawo inapambana masewero 934, inagonja 88 okha, ndipo inafanana mphamvu ndi adani ka 53. Inatenga chikho cha NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'mayunivesite a dzikolo, ka 21, kuphatikizapo zaka 9 zotsatizana kuyambira 1986 mpaka 1994. Iwo omwewo ndi amene ankatsogolera timu ya dziko la America pamene inatenga chikho choyamba cha dziko lonse lapansi cha amayi ku China mu 1991. Maganizo anga ndi akuti chimene chinawakweza si nzeru za kayalidwe ka osewera m'bwalo ayi, koma kuti anayamba kuona atsikana ngati anthu ofuna kupambana pa nthawi imene ena onse ankawaona ngati ana ongofuna kusangalala. Ndikudziwa kuti ena pano satsatira ganizo limeneli, ndipo ndikufuna kumva chifukwa chake.

Gama: Achimwene a Mbewe, manambala mwatchulawo ndi oona, koma mwawaika popanda kunena dziko limene adabadwiramo. Mu 1972 boma la America lidakhazikitsa lamulo lotchedwa Title IX, loletsa sukulu iliyonse yolandira ndalama za boma kusala munthu chifukwa choti ndi wamkazi kapena wamwamuna. Mayunivesite ambiri adazengereza kulitsatira pa nkhani ya masewera, ndipo North Carolina idali m'gulu la oyamba kuvomereza timu ya mpira wa atsikana ndi kuyamba kulipirira osewera maphunziro. Mtsikana waluso wa ku Texas kapena Colorado m'zaka za m'ma 1980 adalibe malo ambiri opitako. Mpikisano woyamba wa NCAA mu 1982 udali ndi matimu 12 okha, pamene lero muli 64, osankhidwa pakati pa matimu oposa 300. Munthu woswa mphanje pa nthaka yachonde amakolola zambiri zaka zoyamba, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti amadziwa kulima kuposa onse amene adabwera pambuyo pake. Taonani mmene zikho zidayendera: pa 13 zoyamba adatenga 12, koma kuyambira 2013 mpaka 2023, anzawo atadzuka, sadatengeko ngakhale chimodzi.

Nachisale: Bambo Gama, ndikumva mfundo yanu, koma ili ndi mpata waukulu. North Carolina sinali yokha pa chiyambipo. Mayunivesite a Connecticut, Massachusetts, Central Florida ndi George Mason anali ndi matimu amphamvu nthawi imeneyo, ndipo George Mason inawalanda chikho mu 1985. Michelle Akers, amene ambiri amati ndiye anali wosewera woposa onse m'badwo umenewo, sanapite ku Chapel Hill koma ku Central Florida, Carin Jennings anapita ku Santa Barbara, ndipo Julie Foudy anapita ku Stanford. Ngati nkhani inali yongoyamba msanga, bwanji masukulu enawo sanagawane zikho? Komanso ndi bwino kukumbukira kuti mpikisano wa dziko lonse wa atsikana a m'mayunivesite sanaupeze ulipo kale. A Dorrance anali m'gulu la amene anakakamiza kuti ukhalepo, ndipo woyamba, umene unayendetsedwa mu 1981 ndi bungwe la AIAW, limene panthawiyo linkayang'anira masewera a atsikana a m'mayunivesite, anaupambana iwo. Mwayi umene mukunenawo, gawo lina anadzipangira okha.

Kamanga: Ndiloleni ndiwonjezere mbiri ya munthuyu, chifukwa imathandiza kumvetsa chifukwa chake sanaganize ngati aphunzitsi anzake. Anabadwira ku Bombay, India, mu 1951, pamene bambo ake ankagwira ntchito ku kampani ya mafuta, ndipo ubwana wake unathera m'maiko osiyanasiyana, kuphatikizapo Kenya, Ethiopia, Singapore, Belgium ndi Switzerland. Anafika ku America ali mnyamata wamkulu kale, nasewera mpira ku North Carolina komweko, namaliza maphunziro mu 1974. Mu 1977, akuphunzira zamalamulo, anapatsidwa timu ya anyamata ali ndi zaka 26. Timu ya atsikana inabwera mu 1979 ngati ntchito yowonjezera, ophunzira aakazi atapempha kuti kagulu kawo kazindikiridwe ndi yunivesite, ndipo anaphunzitsa matimu onse awiri mpaka 1988. Chimene chimandichititsa chidwi ndi chakuti pamapeto pake anasiya timu ya anyamata ndi kusankha ya atsikana, pa nthawi imene mphunzitsi wamwamuna aliyense wofuna kutchuka akanachita zosemphana ndi zimenezo. Panthawiyo kunalibe ligi ya amayi yolipira malipiro ku America, kunalibe chikho cha dziko lonse lapansi, ndipo mpira wa amayi unali usanalowe mu Olympics.

Mbewe: Zikomo a Kamanga. Tsopano ndifotokoze njira imene ndikuti inawasiyanitsa ndi anzawo. A Dorrance ankapita kukaonera mmene a Dean Smith, mphunzitsi wotchuka wa basketball pa yunivesite yomweyo, ankakonzekeretsera timu yawo, ndipo anaona kuti anyamata othandizira ankakhala m'mbali mwa bwalo akulemba chilichonse chimene wosewera aliyense wachita. Iwo anatengera zimenezi ku mpira wa atsikana ndi kuzipititsa patsogolo. Pa zokonzekera zilizonse pankalembedwa amene wapambana polimbana awiriawiri, amene wathamanga msanga, amene wapambana mpira wam'mwamba, ndi amene timu yake yapambana pa timasewero tating'ono, kenaka osewera onse ankaikidwa pa mndandanda kuyambira woyamba mpaka womaliza, ndipo aliyense ankadziona pamene ali. Chifukwa chimene ankapereka chinali chakuti atsikana ambiri amaleredwa kuti asamaonetse kuti akuposa mnzawo, kotero kuti mtsikana amene pa masewero amalimbana ndi mdani ndi mphamvu zake zonse, pa zokonzekera amachepetsa mphamvu dala poopa kukhumudwitsa mnzake amene amagona naye chipinda chimodzi. Mndandandawo unkamumasula, chifukwa tsopano kulimbana kunali lamulo la timu, osati nkhanza za iye mwini. Mtsikana woteroyo akamasewera tsiku ndi tsiku ndi anzake amene sakumumvera chisoni, masewero a kumapeto kwa sabata amakhala opepuka kuposa zokonzekera. Mu 1992 anagonjetsa Duke ndi zigoli 9 kwa 1 m'ndime yomaliza, mu 1993 George Mason 6 kwa 0, mu 1994 Notre Dame 5 kwa 0. Zigoli zoterezi m'ndime yomaliza ya chikho sizichokera pa kulemba osewera abwino kokha.

Nachisale: Apa ndiye pamene nkhaniyi imandikhudza ine ngati mphunzitsi wa atsikana a sekondale. Zimene a Dorrance anaona ku America ndimaziona pa bwalo lathu. Mtsikana amene akudziwa kuti angathe kudutsa wotchinga kumbuyo amapereka mpira kwa mnzake amene sali pabwino, poopa kuti anzake anena kuti amaphangira mpira kapena kuti amadzimva. Akagwetsa mnzake polanda mpira molondola, amaima n'kuyamba kupepesa mpira ukupita. Ulemu umenewu ndi wabwino pakhomo ndipo sindifuna kuti uthe, koma m'bwalo umapha luso. Komabe ndili ndi nkhawa ndi mndandandawo. Ku North Carolina womaliza pa mndandanda anali mtsikana amene kwawo anali katswiri wa chigawo chonse, wodzikhulupirira kale, ndipo ankadziwa chimene akubwera kudzakumana nacho. Mwana wa zaka 14 amene makolo ake akukayikira kale ngati mpira ndi woyenera mtsikana, mukamuika womaliza pamaso pa anzake, mawa sabwera. Njira imeneyi inapangidwira anthu osankhidwa kale, ndipo amene amaitengera ku matimu a ana osaganizira zimenezi amathamangitsa osewera ambiri kuposa amene amawakuza.

Gama: Mayi Nachisale, mwandithandiza kunena chimene ndimafuna kunena: njirayo idayenda chifukwa cha anthu amene idawapeza. Ndipo pali chinthu china chimene sitidachitchule. Kuyambira 1986 mpaka 1994 munthu mmodzi yemweyo adali mphunzitsi wa North Carolina komanso wa timu ya dziko. Mu 1987 adaitana Mia Hamm ku timu ya dziko ali ndi zaka 15, pamodzi ndi Kristine Lilly wa zaka 16, ndipo patapita zaka ziwiri onse awiri adalowa ku Chapel Hill. Tangoganizani mtsikana amene akusankha yunivesite, akudziwa kuti amene akumuitanayo ndi yemwe amasankhanso timu ya dziko. Pafupifupi theka la osewera amene adapita ku China mu 1991 adali ake a ku yunivesite. Zaka 9 zotsatizana zija zikugwera ndendende pa zaka zimene adagwira maudindo onse awiri. Atangosiyira a Tony DiCicco timu ya dziko mu 1994, chaka chotsatira Notre Dame idatenga chikho. Palinso malamulo a NCAA amene amalola kusintha osewera ambiri ndi kubwezanso m'bwalo amene adatuluka. Kasewero kawo kopanikiza adani kuyambira kutsogolo popanda kupuma kamadalira kukhala ndi benchi yodzaza akatswiri, ndipo pansi pa malamulo a FIFA timu singathamange choncho mphindi 90.

Kamanga: Za maudindo awiriwo ndikugwirizana nanu, a Gama, ndipo lero zinthu zotere sizingaloledwe popanda phokoso. Koma za malamulo a FIFA, chikho cha 1991 chikukutsutsani pang'ono. Kumeneko kunalibe kubweza osewera m'bwalo, ndipo America inapambana masewero onse 6: inagonjetsa Sweden 3 kwa 2, Brazil 5 kwa 0, Japan 3 kwa 0, Taiwan 7 kwa 0, Germany 5 kwa 2, ndi Norway 2 kwa 1 m'ndime yomaliza ku Guangzhou, pamene Michelle Akers anamwetsa zigoli zonse ziwiri. N'zoona kuti masewerowo anali a mphindi 80, chifukwa akuluakulu a FIFA ankakayikira ngati amayi angapirire mphindi 90, koma malamulowo anali ofanana kwa matimu onse 12. Maiko a ku Ulaya monga Norway, Sweden ndi Germany anali ndi mbiri yaitali ya mpira wa amayi kuposa America, imene timu yake inayamba kusewera mu 1985. Kuchoka pa chiyambi chotero ndi kufika potenga chikho m'zaka 6, pogwiritsa ntchito atsikana amene ena anali asanamalize yunivesite, ndi ntchito imene sindingaiike pa mwayi. Ndiponso atasiya timu ya dziko anatengabe zikho 9 za NCAA: 1996, 1997, 1999, 2000, 2003, 2006, 2008, 2009 ndi 2012. Timu ya 2003 inapambana masewero ake onse 27, pa nthawi imene Santa Clara ndi Portland zinali zitatenga kale zikho ndipo mpikisano unali utakula.

Nangondo: Ndawerenga zonse zimene mwalemba, ndipo ndikudabwa kuti tafika pano popanda aliyense kutchula mlandu wa 1998. Chaka chimenecho osewera awiri akale anasumira a Dorrance ndi yunivesite kukhoti, ponena kuti mphunzitsiyu ankalankhula ndi kufunsa osewera za moyo wawo wa kuchipinda ndi za zibwenzi zawo, pamaso pa anzawo, mwa njira imene inkawachititsa manyazi ndi mantha. Mmodzi anagwirizana ndi yunivesite kunja kwa khoti mu 2004. Winayo, amene anali goloboyi wosakhala m'timu yoyamba, mlandu wake unathetsedwa ndi khoti laling'ono, koma mu 2007 oweruza onse a khoti la apilo atakhala pamodzi anagamula kuti umboni wake unali wokwanira kuti mlandu umvedwe. Mu 2008 yunivesite inamulipira madola 385,000, ndipo a Dorrance analemba kalata yopepesa, yovomereza kuti analowa m'zokambirana zotero ndi osewera ndiponso kuti zinali zosayenera. Khoti silinawapeze olakwa chifukwa mlanduwo sunafike pozengedwa, ndipo iwo anakana kuti anazunza aliyense. Zimenezi ndikuzinena kuti ndisawanamizire. Koma mtsikana ameneyu anatha zaka pafupifupi 10 akulimbana ndi munthu wolemekezeka koposa m'masewera ake, ndipo yunivesite inasunga mphunzitsiyo pa ntchito, kenaka mu 2019 inatcha bwalo la masewera dzina lake. Sindikuona mmene tingayezere ntchito ya mphunzitsi wa atsikana titasiya nkhani imeneyi kunja.

Mbewe: Achemwali a Nangondo, nkhaniyi ndi ya m'kati mwenimweni mwa mbiri yawo ndipo mwachita bwino kuifotokoza molondola. Chimene ndingawonjezere n'chakuti osewera ambiri akale ndi a nthawi imeneyo anaima nawo poyera, ndipo ambiri mpaka lero amawatchula ngati munthu amene anasintha moyo wawo. Sindikunena izi pofuna kufafaniza madandaulo a awiri aja, koma kuti tione chithunzi chonse.

Nangondo: Achimwene, kuchuluka kwa amene anaima nawo sikundiuza kanthu za amene anadandaula. Mphunzitsi wa ku yunivesite ya ku America ali ndi mphamvu zimene mphunzitsi wa kalabu alibe. Ndi iye amene amasankha wosewera ndi wokhala pa benchi, ndi iye amene ali ndi mawu pa ndalama zolipirira maphunziro a mtsikanayo, ndipo kwa a Dorrance, mawu awo ankatsegula kapena kutseka khomo la timu ya dziko. Katswiri amene zinthu zikumuyendera amamva nthabwala ngati nthabwala, ndipo angathe kuyankha mphunzitsi mwamphamvu popanda kuopa. Mtsikana wa zaka 17 kapena 18 amene ali kumapeto kwa mndandanda uja amamva mawu omwewo ngati chiopsezo, chifukwa sangakane ndipo sangayankhe. Palinso kugwirizana pakati pa nkhaniyi ndi nzeru zimene mukuzitamandazo. A Dorrance ankaphunzitsa poyera kuti amuna ndi akazi satsogoleredwa mofanana, kuti anyamata umawalamulira ndi mphamvu, pamene atsikana umawatsogolera pokhala nawo pafupi ndi kuwasonyeza kuti umawasamala ngati anthu. Mwina muli choonadi pamenepo, koma mwamuna wamkulu akayamba kukhulupirira kuti ntchito yake ndi kulowa m'moyo wa atsikana amene ali pansi pa ulamuliro wake, malire amafufutika mosavuta, ndipo iye mwini sangakhale woweruza wabwino wa pamene adutsa malirewo.

Nachisale: Ndikugwirizana ndi achemwali a Nangondo, ndipo ndikufuna nditchule chinthu chimene chinachitika pambuyo pake. Mu 2022 lipoti la loya wofufuza nkhaniyo, a Sally Yates, linaulula nkhanza ndi kuzunza osewera kumene kunkachitika mu NWSL, ligi ya amayi yolipira malipiro ku America, ndipo linasonyeza kuti madandaulo ankafika kwa akuluakulu koma osachitapo kanthu. Lipotilo silinali lokhudza a Dorrance, ndipo sindikuwaika m'gulu limodzi ndi aphunzitsi otchulidwamo. Koma amene ankatsogolera bungwe la mpira la America panthawi imene kafukufukuyo analamulidwa anali a Cindy Parlow Cone, amene anasewera ku North Carolina m'zaka za m'ma 1990 ndipo kenaka anagwira ntchito ngati wothandizira a Dorrance. Mbadwo wa amayi amene anaphunzitsidwa kusaopa kulimbana ndi umene unadzayamba kufunsa mafunso amene m'nthawi ya mphunzitsi wawo sankafunsidwa. Pa za kusiyana kwa amuna ndi akazi, ine ndimakana mbali imodzi. Atsikana amene ndimawaphunzitsa safuna kuti ndiwasamale koposa anyamata. Amafuna kuti ndiwauze choonadi cha kasewero kawo ndi kusunga ulemu wawo, ndipo anyamata amafunanso zomwezo, kungoti amaleredwa kuti asazipemphe.

Maseko: Ine ndalowa mochedwa, koma ndikufuna tione zipatso za ntchitoyi kunja kwa America, chifukwa kumeneko mwayi wa Title IX sungafotokoze zonse. A Sarina Wiegman a ku Netherlands anasewera ku North Carolina chaka chimodzi, mu 1989, pamodzi ndi Mia Hamm ndi Kristine Lilly, ndipo anatenga nawo chikho. Anabwerera kwawo kumene mpira wa amayi unalibe ulemu, nakhala mphunzitsi, ndipo anadzatenga chikho cha ku Ulaya ndi Netherlands mu 2017, ndi England mu 2022 ndi 2025. Iwo amanena poyera kuti chaka chija chinawasonyeza mmene zinthu zingakhalire atsikana akapatsidwa zipangizo ndi aphunzitsi oyenera. M'timu ya England ya 2022 munali Lucy Bronze, amene anasewera ku Chapel Hill mu 2009, komanso Alessia Russo ndi Lotte Wubben-Moy. Ku America komweko April Heinrichs, amene anali kaputeni mu 1991, anadzakhala mphunzitsi wa timu ya dziko n'kutenga golide wa Olympics mu 2004. Tikawonjezera Carla Overbeck, Heather O'Reilly, Tobin Heath ndi Crystal Dunn, tikuona anthu a mibadwo yosiyana, ochokera m'nyumba imodzi. Kristine Lilly anasewera timu ya dziko ka 354, ndipo palibe munthu wina, wamwamuna kapena wamkazi, amene anafikapo pamenepo.

Gama: A Maseko, zipatsozo sindikuzikana. Koma tiyeni tione mmene ntchitoyo idathera, chifukwa mathero amatiuza zambiri. Mu 2018 adagonja m'ndime yomaliza kwa Florida State, mu 2019 kwa Stanford pa mapenate. Mu 2022 adali patsogolo pa yunivesite ya UCLA ndi zigoli 2 kwa 0 kutatsala mphindi pafupifupi 10, koma adagonja 3 kwa 2 m'nthawi yowonjezera, kwa a Margueritte Aozasa amene chidali chaka chawo choyamba ngati mphunzitsi wamkulu. Mu 2023, m'ndime ya makotafainolo, adatsogola 3 kwa 0 pa yunivesite ya BYU n'kugonja 4 kwa 3. Timu imene mbiri yake yonse idamangidwa pa kulimba mtima idataya masewero awiri akuluakulu motsatizana ili patsogolo. A Mark Krikorian ku Florida State, amene ankalemba osewera ochokera m'maiko ambiri ndi kusewera mpira wosunga ndi kupatsirana modekha, adatenga zikho mu 2014, 2018 ndi 2021. Mpira udasuntha, ndipo kuthamanga ndi kupanikiza kokha kudasiya kukwanira.

Kamanga: Kufika m'ndime yomaliza katatu pa zaka 5 kuli kutali ndi kutha mphamvu, a Gama, ndipo masukulu ena onse akanakondwera ndi zaka zimene inu mukuzitcha zakugwa. Chimene chinasintha kwambiri, mwa kuona kwanga, si kasewero koma dongosolo lonse limene mphunzitsi wa ku yunivesite ankadalira. Kale mtsikana akalowa ankakhala zaka 4, ndipo njira ya a Dorrance inkafuna nthawi imeneyo: chaka choyamba ankavutika kumunsi kwa mndandanda, chachitatu n'kukhala mtsogoleri. Kuyambira 2018 kusamuka kuchoka pa yunivesite ina kupita ina kunayamba kuphweka, mu 2021 osewera analoledwa kupeza ndalama pogwiritsa ntchito mayina ndi zithunzi zawo, ndipo ligi ya NWSL inayamba kulemba atsikana aang'ono, monga Olivia Moultrie amene anasaina ali ndi zaka 15 mu 2021. Mtsikana amene sakusangalala ndi malo ake pa mndandanda tsopano angathe kuchoka chaka chomwecho. Itatha sizoni ya 2023, osewera ambiri a North Carolina anachoka, ena kupita ku ligi yolipira, ena ku masukulu ena. Taonaninso amene akuwala mu NWSL: Temwa Chawinga, amene anamwetsa zigoli 20 mu 2024 ndi kusankhidwa wosewera woposa onse, anafika ku Kansas City kudzera ku Sweden ndi China, ndipo Barbra Banda anafika ku Orlando kuchokera ku China atayamba wasewera ku Spain. Palibe mwa iwo amene anadutsa pa yunivesite ya ku America. Njira imene a Dorrance anali mlonda wake wamkulu yasanduka imodzi mwa njira zambiri.

Mbewe: Zimenezi zikutifikitsa pa mmene anapumira. Analengeza pa 11 Ogasiti 2024, ali ndi zaka 73, kutatsala masiku ochepa kuti sizoni iyambe, ndipo ananena kuti ataona zokonzekera anazindikira kuti alibenso mphamvu zopereka zonse zimene ntchitoyo imafuna. Anatsanzira a Dean Smith, amene nawonso anapuma mu 1997 sizoni itayandikira, zimene zinachititsa kuti wothandizira wawo atenge udindo. Apa udindo unagwera a Damon Nahas ngati wogwirizira, ndipo mu Disembala chaka chomwecho North Carolina inagonjetsa Wake Forest 1 kwa 0 n'kutenga chikho chimene chinasowa kuyambira 2012. Kwa ine uwu ndi umboni wakuti anamanga nyumba yokhoza kuima mwini wake atachoka.

Gama: Kapena ndi umboni wakuti timuyo idafuna mawu atsopano, ndipo idawapeza miyezi inayi yokha mwini wake atachoka. Chikho chomwecho chingatumikire mfundo yanu ndi yanga, achimwene.

Nachisale: Ine chimene sindikondwera nacho pa kapumidweko ndi nthawi yake. Atsikana amene anasankha yunivesite imeneyo chifukwa cha dzina la mphunzitsi anauzidwa atafika kale ndi katundu wawo, makalasi ali pafupi kuyamba, kuti munthuyo wachoka. Komanso kupuma pa nthawi yotero kumalanda yunivesite mwayi wofunafuna wolowa m'malo mwa poyera. Pakati pa amayi ambirimbiri amene anasewera pansi pa a Dorrance ndipo lero ndi aphunzitsi odziwa ntchito, palibe amene anapeza mpata wopikisana nawo pa udindowo. A Nahas anasonyeza kuti ndi oyenera ndipo anapatsidwa ntchitoyo mokhazikika atatenga chikho, zimenezo sindikutsutsa. Koma timu imene yatulutsa amayi otsogolera mpira ku America ndi ku Ulaya sinatsogoleredwepo ndi mayi kuyambira 1979, ndipo mwayi woyamba wosintha zimenezo unatsekedwa ndi tsiku limene chilengezo chinaperekedwa.

Maseko: Pa mkangano wa a Mbewe ndi a Gama, chikho cha 2024 sichingaweruze, chifukwa a Nahas anali wothandizira pa timuyo kwa zaka zingapo ndipo anali ndi dzanja polemba osewera omwewo ndi pokonza kasewero kawo, kotero kuti n'kovuta kulekanitsa ntchito ya mmodzi ndi ya mnzake. Chimene ndikufuna kudziwa n'chakuti mndandanda uja upitirira kapena ayi, m'nthawi imene wosewera aliyense angathe kuchoka sizoni ikatha. Ngati a Nahas ausunga ndipo atsikana apitiriza kubwera ndi kukhala, ndiye kuti a Mbewe ali ndi mfundo yolimba. Ngati aufewetsa kuti osewera asathawe, ndipo timu ipitirizabe kupambana, a Gama adzakhala ndi chifukwa chonenera kuti chinsinsi chinali osewera, osati pepala lolembapo mayina awo.